Botolo limodzi, parrotfish ziwiri zosafanana: ndizilekanitse?

Wa kaundula: Akuluakulu, thandizeniko. Ndikulowetsa mu kompyuta nsomba za ku Caribbean zosungidwa mu ethanol. M'botolo lina muli ziwiri, lebulo ikuti Sparisoma viride, mtundu wina wa parrotfish (nsomba za mano onga mlomo wa chinkhwe). Koma pazithunzi zomwe anajambula atangozigwira, ina ndi yobiriwira, inzake ya mawangamawanga, mimba yofiira. Kodi wolemba lebuloyu sanasakanize?

Wosambira pansi pa nyanja: Musafulumire, achemwali. Parrotfish zambiri zimayamba zili zazikazi, kenako zina n'kusanduka zazimuna, maonekedwe n'kusinthiratu. Ya mimba yofiirayo ili pamsinkhu woyamba, yobiriwirayo ndi yaimuna yapamsinkhu womaliza. Onani pachithunzipo ngati ili ndi kadontho kachikasu pamwamba pa chivundikiro cha makha. Ngakhale akatswiri akale zinkawapusitsa, nsomba imodzi ankaipatsa maina awiri.

Wa ku labu: Zoona, koma ine zithunzi sindizikhulupirira pazokha, ndipo mu ethanol utoto umafwifwa. Tulutsani nsombazo mutseke pakamwa. Kwa Sparisoma mano a m'munsi amaphimba a m'mwamba, pomwe kwa Scarus, gulu lina la parrotfish, ndi a m'mwamba amene amaphimba. Kenako werengani mizere ya mamba patsaya: Sparisoma ili ndi umodzi wokha, Scarus iwiri kapena kuposa. Chipsepse cha pamsana musavutike nacho, zonse ndi minga 9 ndi timitsitsi tofewa 10.

Wa kaundula: Zonse ziwiri mzere umodzi, mano a m'munsi kunja, kadonthonso kalipo. Zikomo. Nanga pa banja ndilembe chiyani? Lebulo ikuti Scaridae, buku latsopano likuti Labridae.

Mphunzitsi: Onsewo sakunama. Kafukufuku wa DNA, monga wa Westneat ndi Alfaro wa mu 2005, anasonyeza kuti parrotfish ndi nthambi ya m'kati mwa banja la nsomba zotchedwa wrasse, la Labridae. Sizodabwitsa kwenikweni, zonse zili ndi mano a pakhosi, kungoti parrotfish zimaperera nawo miyala ya korali mpaka kusanduka mchenga. Ine ndingalembe Labridae, Scaridae n'kuiika pa ndemanga kuti wofufuza ndi dzina lakale azizipeza. Lebulo yakaleyo isatayidwe, ikhale m'botolo momwemo.

Wa ku labu: Chinanso, mayi: yofiirayo musailembe kuti yaikazi musanang'ambe mimba n'kuona ziwalo zoberekera. Zazimuna zina zimakhalabe ndi maonekedwe a msinkhu woyamba.

Wa kaundula: Kung'amba sindiloledwa popanda chilolezo cha abwana. Pamenepo ndingolembapo msinkhu wokha kaye.