Kantini ya pachipatala: mpunga wophika m'mawa ungagulitsidwe mpaka nthawi yanji?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Kantini ya pachipatala, ngati za ku Gulupu, imaphika mpunga, nyemba ndi nkhuku 6 koloko m'mawa, ogula n'kumabwera mpaka 3 koloko masana. Zakudyazi zisungidwe bwanji? Nanga a zaumoyo a khonsolo akabwera amayang'ana chiyani?

Wazaumoyo: Mayi, nkhani yagona pa katenthedwe. Tizilombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, choncho chakudya chophika chisakhale patebulo kupitirira maola awiri. Chizikhala pambaula, chotentha kuposa madigiri 60, apo ayi mufiriji. Mpunga ndiye wachinyengo kwambiri. Mumpungamo mumakhala tizilombo ta Bacillus cereus tosafa pophika, ndipo mpunga ukamazizira pang'onopang'ono mumphika waukulu timatulutsa poizoni yemwe satha ngakhale mutautenthetsanso. Wodya amayamba kusanza pasanathe maola 6. Phikani kawiri, m'mawa ndi cha m'ma 11, osati mphika umodzi wa tsiku lonse. Nyemba zotsala muzitenthetse kamodzi kokha, ziwire ndithu mpaka pakati. Kumbukirani kuti ogula ambiri ndi odikirira odwala, chakudyacho chimakathera kuwodi kwa munthu wofooka kale.

Bambo wa ku Chilomoni: Oyendera amayamba ndi mapepala: laisensi ya khonsolo ndi ziphaso zoti ophika anayezedwa kuchipatala, ndipo amaona ngati sizinathe ntchito. Si mwambo chabe. Munthu amatha kukhala ndi tizilombo ta taifodi osadwala, n'kumapatsira ena kudzera m'manja. Wotsekula m'mimba asakhudze chakudya mpaka patatha masiku awiri atachira. Kenako amaona posambira m'manja: madzi oyenda ndi sopo, osati beseni limodzi losambamo aliyense. Mipopi ikauma, ndowa ya kampopi imakwanira. Thiranimo kachivundikiro kamodzi ka WaterGuard pa malita 20, mudikire mphindi 30. Kolera ya 2022 ndi 2023 inativuta kwambiri kuno ku Blantyre, musayembekeze kuti oyenderawo angakulekerereni pa madzi.

Wophika: Kuwonjezerapo, nkhuku yaiwisi ikhale pansi penipeni mufiriji, yovundikira, kuti madzi ake asadonthere zophikaphika. Thabwa ndi mpeni wodulira nyama zisakhudze kabichi wa saladi. Magetsi akathima musatsegule firiji. Imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Akapitirira, nyama ndi mkaka zomwe zafunda muzitaye, musadalire mphuno chifukwa tizilombo toopsati sitinunkha.