Thandizeni: Aroma anagwetsadi Yerusalemu yense? Nanga khoma lija latsala bwanji?

Abale pa gulu pano mundithandize. Andipatsa kuti Lamlungu likudzali ndiphunzitse achinyamata kutchalitchi kwathu pa Luka 19:43-44, paja pakunena za adani kuzinga mzinda ndi kusasiya mwala pa unzake. Ndakhala ndikuwerenga pafoni mpaka bando kutha.

Zomwe ndagwira ndi izi. Chaka cha 70 Titus mwana wa mfumu Vespasian anafika ndi magulu anayi a asilikali nthawi ya Pasaka, mzinda utadzaza alendo. Mbali yakumpoto kunali malinga atatu ndiye awiri oyamba sanachedwe nawo, amagumula ndi chimtengo chamutu wachitsulo kwinaku makina onga legeni yaikulu akuponya miyala, poyamba miyalayo inali yoyera alonda amaiona ikubwera n'kukuwa anthu n'kuzinda, Aroma atatulukira anayamba kuidetsa. Koma pa linga la Antonia, loyandikana ndi kachisi, anakumana nazo, John wa ku Gischala, mmodzi mwa atsogoleri a Ayuda oukira, anakumba una pansi pa zitunda zomwe Aroma anaunjika kuti afikire lingalo n'kuyatsa moto zonse kugwera pansi. Apa m'pamene Titus anamanga khoma lakelake kuzungulira mzinda, masiku atatu okha, kuti pasatuluke munthu pasalowe chakudya. Njala inachita zake. Kachisi anapsa mu Ogasiti.

Vuto langa ndi ili. Sabata yatha nditangotchulako, mnyamata wina anatulutsa foni kundionetsa chithunzi cha Ayuda akupemphera pa khoma ku Yerusalemu, akuti nanga ili latsala bwanji ngati sanasiye mwala? Ndinangoti kukamwa yasa. Wina anafunsanso ngati Titus yu ndi Tito uja Paulo anamulembera kalata, koma ameneyo ndinamukwanitsa, ndi anthu awiri osiyana. Ndiyankhe bwanji za khomali osanamiza ana?

Yankho 1: Achimwene musavutike. Khoma limenelo si la kachisi weniweniyo ayi. Herode atafuna kukuza bwalo la kachisi anamanga makoma ochirikiza dothi m'mbali mwa phiri, ngati mmene timachitira pomanga pamalo otsetsereka. Nyumba ya kachisi inali pamwamba ndipo inapita yonse, chatsala ndi chochirikizacho. Pansi pake ofukula anapezanso milu ya miyala yomwe inakankhidwa kuchokera pamwamba mpaka kuswa msewu, muwaonetse chithunzi chimenecho.

Yankho 2: Ndiwonjezere, Titus anasiya dala nsanja zitatu, Phasael, Hippicus ndi Mariamne, komanso mbali ina ya linga lakumadzulo kuti asilikali otsala akhalemo. Ndiye musanene kuti mzinda wonse unasanduka fumbi, akugwirani bodza.

Yankho 3: Ine chomwe chimandiwawa n'choti chakudya chinalimo chambiri koma magulu a John ndi a mtsogoleri mnzake wa Ayuda Simon bar Giora anawotcherana nkhokwe pomenyana okhaokha Aroma asanafike n'komwe. Chimenecho osachisiya abambo, ana amva bwino kuposa za makina.

Yankho 4: Samalani ndi manambala. Josephus, Myuda wolemba mbiri ya nkhondoyi, analemba kuti anafa 1,100,000 ndipo 97,000 anagwidwa ukapolo, koma kumbukirani iyeyo anali mumsasa wa Titus, ndipo akatswiri ambiri amati yoyambayo anakokomeza. Muzinena kuti "Josephus akuti", osangoti anafa mwakuti.

Wofunsa: Zikomo nonse, za khoma lochirikiza zandimasula. Amene ali ndi chithunzi cha miyala ija aponye pano chonde, ndikasindikize Loweruka poti netiweki kutchalitchiko imavuta.