Mawu aatali mu Scrabble mumawapeza bwanji anzanga?

WakuNdirande:
Anzanga ndithandizeni. Timasewera Scrabble Loweruka lililonse ndi amalume anga, iwowo amatsitsa zilembo zonse 7 nthawi imodzi nkutenga 50 yapamwamba ija, ine ndimathera timawu ta zilembo zinayi basi. Nkuloweza dikishonale kodi kapena pali njira yake?

AnaPhiri:
Achimwene dikishonale yonse palibe angailoweze. Nkhani yagona pa zilembo zomwe mwatsala nazo mukasewera, mawu aatali aja mumachita kuwakonzekera patali. Anthu ambiri amataya S kapena blank (kosalembedwa kanthu kaja, kolowa mmalo mwa chilembo chilichonse) chifukwa cha timapointi 5 towonjezera, chonsecho mthumba muja ma S alimo 4 okha, ma blank 2 basi pa zilembo 100 zonse zija. Blank ine sindimutaya ngati sakundipatsa mapointi ambiri ndithu.

Muzisunga A, E, I, N, R, S, T ndipo muzichotsa msanga V, W, U komanso zobwereza, monga I awiri. Mavawelo atatu makonsonanti anayi ndiye zimakhala bwino. Kenako lowezani RETINA, mukawonjezera chilembo chimodzi mawu atuluka: C ndi CERTAIN, D ndi TRAINED, G ndi GRANITE kapena TEARING, P ndi PAINTER, M ndi MINARET, S ndiye alipo ambiri, RETAINS, NASTIER, STAINER. Mukatha pamenepo mugwire SATIRE ndi TISANE. China, zilembozo musamangoziyang'ana, muzizisuntha ndi manja, ING kapena ERS kumapeto, RE kapena UN kumayambiriro, zotsalazo maso aziona okha.

Madala_Zomba:
Zomwe anena AnaPhiri nzoona koma ndiwonjezerepo. Pali ena akamva zimenezi amayamba kusewera kachilembo kamodzikamodzi mapointi 6 kudikira bingo (kutsitsa zilembo zonse 7 nthawi imodzi kuja), mnzawo akungodya 30, 30, pofika poti yabwera 50 ija yapita kale. Ndiye mawuwo mutha kukhala nawo koma pabodi palibe poika, nchifukwa chake timawu ta zilembo ziwiri tili tofunika kwambiri, QI, ZA, XI, JO, ndi tomwe timakulolani kugoneka mawu aatali pambali pa ena. Muonenso aku Nigeria, Wellington Jighere anawina mpikisano wa dziko lonse ku Perth mu 2015, woyamba wa mu Africa muno, ndipo anthu amenewa amadziwika ndi kusewera mawu afupiafupi otseka bodi. Mawu aatali opanda bonasi nthawi zambiri amangomutsegulira mnzanu triple word (bokosi lofiira lochulukitsa mapointi a mawu katatu), akakhala ndi mawu a zilembo 8 okhudza mabokosi ofiira awiri mapointi ake achulukitsidwa ka 9, geimu yathera pompo.

Mtsikana_wa_Mzuzu:
Mufunsenso amalumewo kuti mukugwiritsa dikishonale iti, ife timatsata Collins. Pa foni mu Words With Friends bonasi ndi 35 osati 50 ndiye kumeneko kudikira mawu aatali sikupindulitsa kwenikweni.

WakuNdirande:
Zikomo kwambiri nonse, RETINA ndayamba kale kulemba mkope. Nanga Q akabwera opanda U ndizitani? Amandiwonongera zilembo zabwinobwino.

AnaPhiri:
QI kapena QAT, mutulutseni pompo osamusunga. Zikakanika sinthani zilembo, malamulo amalola bola mthumba mukhale mwatsala zosachepera 7. Muluza ulendo umodzi inde koma kukhala ndi Q mpaka kumapeto akuchotserani 10 nkumupatsa mnzanu amene wamaliza.