Thandizeni nzeru: ndikufuna kulowa sukulu ya PA kuno ku America

Membala wosatchula dzina: Moni nonse. A admin chonde bisani dzina langa, muli abale muno. Ndimakhala ku Indiana, ndine CNA (wothandizira anamwino kusamala odwala) ku nursing home, chino ndi chaka chachinayi, mashifiti ausiku okhaokha. Msana watha ndi kunyamula agogo. Mtima wanga uli pa physician assistant (PA, woona odwala ndi kulemba mankhwala mogwirizana ndi dokotala), osati unesi. Digiri ya biology ndinamaliza mu 2019, koma chemistry ndinabwereza chifukwa nthawi imeneyo ndi imene bambo anamwalira kumudzi, maliro ndinaonera pa foni. Azakhali amene ndimakhala nawo akuti sukulu za PA n'za ana a azungu olemera, bola ndingokwatiwa. Chonsecho lendi ndimalipira theka, magetsi ndi ine, galimoto yanga amayendera mwana wawo osathiramo mafuta. Kumudzi nako mwezi ukatha foni siileka kulira, mlongo wanga fizi, amayi feteleza. Mnzanga wa ku Ghana analowa chaka chatha, pano sayankhanso mauthenga anga. Ndamva kuti pali njira zothandizira anthu akuda ndi ife oyamba kuponda ku koleji pabanja pathu. N'zoona? Ndiyambire pati? Ndili ndi zaka 30, kodi ndachedwa? Tulo sindikuliona.

Sister RN wa ku Dallas: Mwana wanga, ndikuuzani ngati mayi wanu. PITANI KU NURSING. Digiri muli nayo kale, accelerated BSN (digiri ya unesi yachangu) ndi chaka ndi theka basi mwayamba kudya ndalama. Za NP (nurse practitioner, namwino wa maphunziro apamwamba) mudzaphunzira muli pa malipiro. PA ndi miyezi 27 osagwira ntchito, fizi yokha imatha kufika madola 100,000. Feteleza wa amayi adzagula ndani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Achimwene a ku Maryland: Nkhani iyi yandikhudza pabala. Ine kwathu ndinali clinical officer zaka 9, ma caesar ndinkachita ndekha usiku magetsi atazima. Nditafika kuno anandiuza kuti mayeso a PANCE, opezera chiphaso cha u PA, amalemba okhawo amene amaliza sukulu yovomerezeka ndi ARC-PA, bungwe loyang'anira sukulu za PA. Ngakhale madokotala ochokera kunja amayambira pansi akafuna u PA. Lero ndimasintha matewera, bwana wanga ndi mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga. Dziko lino limachepetsa munthu.

Sister RN wa ku Dallas: Mukanachita nursing achimwene, bwenzi pano muli ndi nyumba ziwiri.

Achimwene a ku Maryland: Amayi, sindinapemphe uphungu.

Nabanda PA-C: Achemwali, ndine PA. Choyamba tiuzeni: mapepala anu ali bwanji? Citizen, green card kapena viza? Zonse zagona pamenepo, chifukwa ngongole ya boma kudzera pa FAFSA (fomu yofunsira thandizo la fizi) sapereka kwa wa viza ya sukulu, ndipo sukulu zina salandira n'komwe ophunzira akunja. Za maola musadandaule. Ntchito ya CNA imawerengedwa ngati patient care pa sukulu zambiri, ndipo zaka 4 mwapitirira kutali maola 2,000 amene sukulu zokhwimitsa zimafuna. Koma dziwani kuti CASPA, kumene mumatumizirako application ya sukulu za PA, imawerenga magiredi onse awiri a chemistry, yogwa ndi yokhoza. Kubwereza sikufufuta.

Kamnyamata ka ku Seattle: Vuto lanu si CASPA asisi, ndi makiyi a galimoto. Muziwaika mu thumba la ufa, mwana wa azakhaliyo sakapezako, saphika 😂

Gogo Naphiri: Ana a masiku ano! Azakhali anakulandirani pa bwalo la ndege, anakupatsani pogona, lero mukuwayanika pagulu la anthu masauzande? Magetsi ndi chiyani? Kapepeseni, madalitso amachokera kwa akulu.

Mai a Chiso: Agogo, kulandira munthu si kumugula. Ine azakhali anga anandisungira pasipoti zaka 2 ati "ingatayike". Ndinachoka usiku ndi chikwama chimodzi, chisanu chili thoo. Mpaka lero pa ukwati timangodutsana.

Gogo Naphiri: Ndiye mwapindula chiyani?

Wandale wa ku Boston: Zoti akuda amathandizidwa ziiwaleni. Supreme Court inathetsa zimenezo mu June 2023, sukulu siziloledwanso kusankha poona mtundu. Ndinkakuuzani pagulu pano anthu mumanditukwana.

Nabanda PA-C: Bambo, mwanena theka. Chigamulocho sichiletsa munthu kufotokoza moyo wake mu personal statement, kalata yodzifotokozera pofunsira malo. Komanso pa CASPA pali mafunso okhudza kukula movutika ndi maphunziro a makolo. Sukulu ngati Morehouse School of Medicine ku Atlanta ndi Charles R. Drew ku Los Angeles zinakhazikitsidwa kuti zitumikire madera osowa madokotala, munthu amene wakhala zaka akusamala agogo usiku amamumvetsa.

Wandale wa ku Boston: Tidzaona. Dongosolo lonse ndi lovunda.

Sister RN wa ku Dallas: Mwaona chisokonezo chake? Ku nursing kulibe zonsezi. Ndiponso NP m'ma state ambiri amatsegula kiliniki yakeyake, PA m'malo ambiri amayang'anabe nkhope ya dokotala. Asintha dzina ati physician associate, koma galu ndi yemweyo, angomusintha unyolo.

Nabanda PA-C: Amayi, ulemu pang'ono. Ine ndimaona odwala anga, ndimalemba mankhwala, ndinachoka ku emergency kupita ku mafupa osabwerera ku sukulu. NP wa ana angasinthe choncho?

Sister RN wa ku Dallas: Ngongole mwamaliza kubweza?

Nabanda PA-C: Imeneyo si nkhani ya pano.

Sister RN wa ku Dallas: Ndayankhidwa.

Bambo a mapasa: Mwana wanga anapita ku SHPEP, pulogalamu ya ofuna ntchito zachipatala, masabata 6 nthawi ya summer, zonse zaulere, anamuphunzitsa mpaka kalembedwe ka application. Yesani imeneyo.

Mai a Chiso: Ija ndi ya ana a chaka choyamba ndi chachiwiri ku koleji bambo. Awa anamaliza 2019, muziwerenga.

Bambo a mapasa: Ndimangothandiza.

Aphunzitsi opuma: Za zaka 30 zo musavutike nazo mwana wanga. Sukulu yoyamba ya PA anaitsegula Dr Eugene Stead ku Duke mu 1965, ndipo ophunzira ake anali anthu 4 amene anagwirapo kale ntchito zachipatala ku Navy. Ntchitoyi inayambira pa anthu odziwa kale fungo la wodwala. Chimene chingakulumeni ndi chaka cha 2019. Sukulu zina zimafuna anatomy, physiology ndi microbiology zosapitirira zaka 5 kapena 7. Onani sukulu iliyonse payokha, zina mukhoza kubwereza ku community college motchipa.

Success Consult: Timalemba personal statement, kulowa ndi guarantee. Inbox.

Admin: Otsatsa malonda tikuchotsani. Ndipo musalembetse munthu statement, akakugwirani mwadzitsekera nokha khomo.

Mlaliki wa ku Ohio: Mlongo, kusowa tuloko si kwachabe. Sala kudya masiku 3. Yeremiya 29:11.

Mnyamata wa EMT: Ine ndinagwa kawiri. Ulendo woyamba ndinatumiza mu September, osadziwa kuti CASPA imatsegulidwa kumapeto kwa April ndipo sukulu zambiri zimadzaza malo mmene ma application akufikira. Ndalama zinapita, pafupifupi madola 180 sukulu yoyamba, ina iliyonse 60 ndi kanthu. Fee waiver ilipo ya opeza zochepa koma imatha msanga. Ulendo wachiwiri ndinalibe kalata ya umboni yochokera kwa PA. Funsani ku nursing home kwanuko, amabwerako PA kapena dokotala, mupemphe kumutsatira pa ntchito. Chaka chino ndikuyesanso, mkazi wanga wati kakhale komaliza.

Sister RN wa ku Dallas: Kawiri! Bwenzi pano muli RN. Ine ndatopa kulankhula.

Kamnyamata ka ku Seattle: Simunatope amayi, iyi ndi ndemanga yanu ya 6.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Agogo, sindinanyoze azakhali, koma dzulo lomweli adya ndiwo zanga za kuntchito. Makiyi ndabisa. A Nabanda, chemistry yoyamba inali D, yachiwiri B. Ndiye April ndiyese?

Nabanda PA-C: D ndi B si imfa ngati masayansi enawo ali bwino. Koma achemwali, ndafunsa za mapepala simunayankhe. Ngati pagulu n'povuta ndilembereni ku inbox. Popanda zimenezo sindingakuuzeni kuti muyese kapena mudikire.

Gogo Naphiri: Ndiwo zokhazo mpaka kulemba pa intaneti?

Sister RN wa ku Dallas: Inbox yanga ili yotsegula mwana wanga, ndikutumizireni sukulu za nursing.