Wokitoki yathu ili ndi privacy code koma munthu wachilendo watiyankha, zatheka bwanji?

Kadzidzi22

Moni nonse abale, ndithandizeni nzeru chifukwa za mawayilesi ndine mlendo. Mwezi watha ine ndi mng'ono wanga tinagula mawokitoki awiri, aja ang'onoang'ono ena amati ovaova, poti komwe timagwira ntchito netiweki ya foni imavuta zedi, umachita kuyisaka. Pabokosi analemba kuti ali ndi privacy code nde tinasankha tchanelo 4 khodi 12 tonse awiri, mtima mmalo kuti zathu ndi zathu basi. Dzulo madzulo ndikumuuza mng'ono wangayo pomwe ndabisa makiyi a nyumba yosungira katundu, tinangomva mawu a bambo wina oti sitikuwadziwa akuti anyamata makiyiwo musawasiye pansi pa mwala, tamva tonse. Thupi lonse linachita tsembwe.

Ndiye khodi imeneyi ntchito yake ndi chani? Komanso bokosi lomwelo likuti amafika makilomita 10 koma ife tikangotalikirana awiri okha mawu amayamba kudukaduka. Nanga asilikali amatani kuti adani asawamve, zawozo munthu wamba angagule?

Mlongoti

Pepani achimwene ndaseka kaye kkkk. Bambo amenewo muwathokoze, wina akanangokhala chete nkukatenga makiyiwo usiku.

Khodiyo dzina lake lenileni ndi CTCSS. Mukadina batani lolankhulira lija wayilesi imatumiza mawu anu limodzi ndi kamkokomo kena kapansipansi, pakati pa 67 Hz ndi 254 Hz cha pamenepo, kamene wayilesi yolandira imakasefa kuti kasatuluke pa sipika. Ya mng'ono wanuyo imangokhala duu mpaka itamva kamkokomo kake komweko, ikakamva ndi pomwe imatsegula sipika. Nde taonani bwino apa, chomwe khodi yachita ndi kutseka makutu ANU kuti musamasokonezedwe ndi anthu ena amene ali pa tchanelo 4. Mawu anuwo akuyenda mmwambamu osavala kanthu. Munthu amene khodi yake waisiya pa 0 amamva aliyense, wa khodi 12, wa khodi 30, onse. Zili ngati mwana wadziphimba kumaso ndi manja nkumati wabisala.

Zoti akuyankheni inu nkuwamva sizovutanso, pa mawayilesi ambiri otchipawa makhodi amtunduwu alipo 38 okha ndipo ena ali ndi batani lofufuza lomwe limakuuza lokha kuti anzakowa ali pa khodi yakuti. Pali enanso amati DCS, aja amayamba ndi D, ndi ambiriko koma nkhani yake ndi yomweyo. Chisokonezo chinayambira pa mayina amalonda, a Motorola anaitcha Private Line ndipo mpaka lero anthu amangoti PL, ogula nkumaona ngati agula chinsinsi.

MayiWaMabatire

Ine ndiyankheko za mtundawo. Nambala yapabokosi imatheka mmodzi ataima pamwamba pa phiri wina pa phiri linzake pakati popanda olo mtengo. Mawayilesi awa ali pa UHF, kutanthauza ma frikwensi okwera kwambiri, mafunde ake amayenda mowongoka pafupifupi ngati kuwala, akakumana ndi chitunda kapena makoma ambiri amafooka. Dzikoli nalonso ndi lozungulira, munthu woima atanyamula wayilesi pakamwa mafunde ake amakagunda pansi pakatha makilomita 5 cha pamenepo, ndiye awiri mukaphatikiza ndi 10 yomwe alembayo, koma pakhale pa see ngati panyanja. Awiri mukupezawo musadandaule, ndi mmene zimakhalira.

Mphamvu yake ndi yochepanso, mawokitoki osafuna laisensi a ku Europe otchedwa PMR446 amaloledwa theka la watt basi, anzake a FRS ku America safika kupyola ma watt awiri. Koma musathamangire kugula yamphamvu, olo muchulukitse mphamvu kanayi mtunda umangowirikiza kawiri, apo ndiye zayenda bwino kwambiri, batire nkumatha msanga. Kukwera pamalo okwera ndi kumene kumathandiza. Anthu amalankhula ndi International Space Station, chombo chija chozungulira dziko mlengalenga, pa mtunda wa makilomita 400 ndi kawayilesi kammanja ka ma watt 5 ndi eriyo yabwino, chifukwa pakati palibe chotchinga. Ndipo eriyo izikhala choimirira polankhula, ambiri amaigoneka ngati foni.

Madala_a_Sigino

Mwana wanga funso lako lachitatu ndi limene landikoka, ndilekeni nditambasule pang'ono akulu akulu.

Vuto lakugwera iweli linagwerapo magulu ankhondo athunthu. Mu August 1914, pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ku Tannenberg komwe lero kuli ku Poland, asilikali a Russia ankatumiza malamulo awo pawayilesi osabisa, a Germany nkumangomvetsera kuti gulu lakuti likhala pakuti mawa, mapeto ake pafupifupi gulu lonse lachiwiri la Russia linazingidwa nkuphwasulidwa, mkulu wake Samsonov anadziwombera yekha. Pa nkhondo yachiwiri a America anapeza nzeru ina, mu 1942 analemba anyamata 29 a mtundu wa Navajo, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka ku America, kuti apange khodi ya mchilankhulo chawo, ndipo sikunali kungolankhula Chinavajo ayi, anali ndi mawu apadera, sitima yapansi pamadzi ankaitcha nsomba yachitsulo, moti Mnavajo wamba akamva ankangoti kakasi. A Japan sanaimasule mpaka nkhondo kutha.

Masiku ano pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. China ndi kubisa mawuwo, amawasandutsa manambala nkuwakhoma ndi kiyi amene amalowetsedwa mu wayilesi iliyonse ya gululo ndipo amasinthidwa pafupipafupi. China ndi kudumphadumpha, wayilesi siikhala pa frikwensi imodzi. Wayilesi ya asilikali a America yotchedwa SINCGARS imayenda pakati pa 30 ndi 88 MHz ndipo imasintha malo kopitilira ka 100 pa sekondi imodzi, mawayilesi onse a gululo ayenera kukhala ndi ndondomeko imodzi ya madumphidwe ndi nthawi yofanana ndendende, ina ikangotsalira pa wotchi yatayika. Kudumphako kwenikweni nkoteteza kuti mdani asakutsekereze ndi phokoso, chinsinsi chenicheni chili pa kiyi uja. Ganizo lodumphali lilinso mu patent (chikalata cha umwini wa luso latsopano) ya 1942 ya Hedy Lamarr, mayi wa mafilimu, ndi mnzake George Antheil, ngakhale asilikali apamadzi sanaigwiritse ntchito nthawi imeneyo.

Koma chimene achinyamata simuchiganizira ndi ichi. Olo mawu ako akhomedwe motani, ukangodina batani wayatsa moto usiku pamtetete. Mdani sakumva zomwe ukunena koma akuona komwe kukuchokera, akaima malo awiri atatu nkujambula mizere pa mapu, pomwe yakumana mpomwe uli. Pa nkhondo yachiwiri sitima zapansi pamadzi za Germany zambiri zinapezeka choncho mu nyanja ya Atlantic ndi makina omwe a Britain ankawatcha huff-duff, osadikira nkomwe kuti uthenga wokhomedwa ndi Enigma, makina obisira mauthenga a Germany, umasulidwe. Komanso kungoona kuti wayilesi iyi ndiyo imalankhula kwambiri ndipo ena onse amaiyankha, wadziwa kale kuti bwana ali apa. Nchifukwa chake msilikali wophunzitsidwa bwino amaganiza kaye, kudina, mawu ochepa, kusiya. Pena amalamulidwa kukhala chete tsiku lonse. Mu 2022 ku Ukraine zinaonekanso, asilikali ena a Russia ankalankhula pa mawayilesi osakhoma, anthu wamba okonda mawayilesi nkumajambula mawuwo ndi kuika pa intaneti. Zaka zoposa 100 chichitikireni Tannenberg.

Zogula za asilikali iwalako, sizigulitsidwa kwa munthu wamba, ndipo olo utaitola penapake popanda kiyi ndi chitsulo cholemera chabe.

Kadzidzi22

Zikomo kwambiri madala, ndaphunzira zambiri. Nanga ndaona ena akugulitsa olembedwa scrambler, ena digital, amenewo ndiye bho?

Mlongoti

Scrambler wa mawayilesi otchipa amangotembenuza mawu, okwera akhale otsika otsika akhale okwera, mumamveka ngati bakha. Wina ali ndi wayilesi ya scrambler yemweyo amakumvani bwinobwino, ndipo pa kompyuta kuwabweza ndi kanthawi kochepa. Amathandiza kwa ana ongoseweretsa tchanelo basi.

Digital nayo musaiyese chinsinsi. DMR mwachitsanzo, mtundu umodzi wa mawayilesi a digital, pa wayilesi wamba imamveka ngati chigayo trrrr koma amene ali ndi DMR inzake kapena kachipangizo kaja ka RTL-SDR kolowetsa pa USB ndi pulogalamu yaulele akumva zonse, pokhapokha mwayatsa encryption yeniyeni, kukhoma mawu ndi kiyi kuja, ngati AES-256 nkuikamo kiyi wanu. Apanso chenjerani, ena amalemba basic privacy yomwe ndi yofooka kwambiri.

ZaMalamulo_Kaye

Ndisiyaneko pang'ono ndi a Mlongoti, mukumuuza munthu za AES osamuuza kuti aziyatsa pati. Pa ma frikwensi a amateur, a anthu ochita za mawayilesi mongozikonda, aja a 144 ndi 430 MHz, kubisa tanthauzo la uthenga nkoletsedwa, zili mmalamulo a ITU, bungwe la UN loona za mawayilesi ndi matelefoni, pa kulankhulana kwa pakati pa mayiko ndipo mayiko ambiri anaikanso mmalamulo awo, kumeneko umayenera kukhala ndi laisensi ndi kumatchula call sign yako, dzina la zilembo ndi manambala lomwe amakupatsa, kuti aliyense adziwe ndiwe ndani. Njira yoongoka ndi kupita ku bungwe loona za mawayilesi mdziko lanu nkupempha frikwensi ya bizinesi, nkufunsa komweko ngati encryption amalola. Ndipo zomwe zili zaulere dziko lina sizikhala zaulere kwina, FRS ndi ya ku America, PMR446 inayambira ku Europe, fufuzani kaye kwanuko. Aja otsegula ngati Baofeng UV-5R amatha kutumiza paliponse kuyambira 136 mpaka 174 MHz, mmenemo muli 156.8 MHz, tchanelo 16 yomwe apanyanja amaitanira chithandizo ngozi ikachitika. Kuseweretsa pamenepo si nthabwala, munthu akhoza kumira inu mukuyesa kuti halo halo.

Olo zodulazo zimagwa. Mu 2023 akatswiri a ku Netherlands a Midnight Blue anaulula kuti TEA1, imodzi mwa njira zokhomera mawayilesi a digital a TETRA omwe apolisi amagwiritsa ntchito mmayiko ambiri, kiyi wake wa ma bit 80 amafupikitsidwa mkati kufika ma bit 32, oti laputopu wamba imathyola. Ndipo mu 2011 ofufuza a University of Pennsylvania atamvetsera mawayilesi a digital a apolisi otchedwa P25 anapeza apolisi aboma la America akukamba zachinsinsi poyera, iwo akuganiza kuti akhoma, kaswitchi kake kanali kosokoneza.

MayiWaMabatire

Nonse mwanena zoona koma munthuyu akungofuna kuuzana za makiyi kkkk. Mugwirizane maso ndi maso kuti malo akuti tiziwatcha nambala wani, akuti nambala thuu, pawayilesi muzingoti zili pa thuu. Mayina enieni, ndalama, nthawi yomwe muchoke pamalopo, zimenezo dikirani mukumane.

Kadzidzi22

Tachita momwemo, makiyi tasintha malo ndipo khodi taibweza pa 0 tonse awiri kuti tizimva amene tili nawo pa tchanelo, kani alipo ambiri ndithu, mpaka ena omanga nyumba amakhalira kuitanitsa simenti tsiku lonse. Ndinayesanso kukwera pamwamba pa thanki yamadzi, mng'ono wanga anandimva bwinobwino pamalo pomwe kale tinkangomva shiii. Mmawa uno nditangoti zili pa thuu, bambo aja anatulukiranso, akuti ehee, tsopano mwakula anyamata. Ndinawafunsa kuti ali kuti sanayankhe.

A Madala_a_Sigino, zija za mizere pa mapu zingatheke ndi kawayilesi kangati kangaka?

Madala_a_Sigino

Zimatheka, anthu a amateur ali ndi masewera ake amati fox hunting. Gwira wayilesi pachifuwa nkumazungulira pang'onopang'ono iwo akulankhula, pomwe mawu afooke kwambiri ndiye kuti ali kumsana kwako, thupi lako latchinga. Ukatero malo awiri otalikirana. Koma uyenera kuwayambitsa nkhani yaitali kaye, ndipo bambo amenewo mmene ndikuwaonera salankhula kopitilira masekondi asanu.