Mbumba ya kwa Jali: ulendo wa agogo wa mu August

Amalume (Chinamwali): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ija tinaisiyira panjira tsiku la chiliza ndikufuna ithe sabata ino. Mayi akukwanitsa zaka 80 mu August ndipo tinagwirizana kuti chaka chino tisangopha nkhuku pakhomo, tiwatengere kwinakwake akaone dziko. Aliyense anene maganizo ake.

Mzime (Chanco): Cape Maclear amalume!! Tikwere boti tipite ku Thumbi agogo akaone mbuna zamitundumitundu zija zikubwera kudzadya buledi mmanja, kenako nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pamadzi, ine ndikudziwa asangalala

Alamu (Sadzi): Ine ndiri mbali ya mwanayu. Kunyamuka 6 mmawa, Liwonde, Mangochi, Monkey Bay, nkhomaliro tikadyera konko. Palibe za pasipoti palibe kusintha ndalama. Komanso kuli manda a mamishoni a Livingstonia amene anafika kumeneko 1875, amayi ndi achikulire a mvano zimenezo angazikonde

Achimwene (Joni): Kulikonse mungasankhe ine yanga ndiponya, ingondiuzani zingati

Mayi aang'ono (kumudzi): Pepani ndinali kudimba netiweki kulibe. Musanapite patali ndiye mumve izi. Ine ndawafunsa dzulo usiku tikukhala pakhonde. Akuti ku Mangochi anapitako kale ndi a mvano ndipo nyanja ya Chilwa akhala akuiona moyo wawo onse. Chimene akufuna ndi nyanja ya mchere imene abambo awo ankasimba. Akuti agogo aamuna aja ali mnyamata asanawoloke kubwera kuno ankasenzetsedwa katundu ndi Apwitikizi kuchokera kumtunda kwa Milange mpaka ku Quelimane wapansi, ndiye ankawauza ana kuti kumeneko kuli madzi amene amathawa okha kusiya mchenga mbee kenako madzulo nkubwerera okha. Mayi akuti kuyambira ali kamtsikana akhala akufuna kuona ngati zinali zoona

Anti (Matawale): Eee nkhani imeneyo ankatiuza tikamapukuta chimanga. Achimwene mukukumbuka?

Amalume (Chinamwali): Ndikukumbuka bwino achemwali. Sindinkadziwa kuti mpaka lero idakali mumtima mwawo

Alamu (Sadzi): Koma abale ku Mozambique ndi munthu wa zaka 80, wa BP, miyendo yotupa? Tiganize bwino

Adalaiva (Nacala): Moni akuluakulu, ndangoima pa Cuamba kuti ndipume nde ndawerenga zonse. Zamadzi kuthawa ndi zoona ndithu agogo sananamizidwe, ine ndimaziona ku Nacala, pafupifupi maola 6 madzi akupita maola 6 akubwera, maboti amatsala atagona chammbali pamatope ngati awataya ndipo azimayi amalowa mkati ndi mabeseni kumatola nkhono ndi nkhanu. Ulendo ndi wotheka alamu musaope, chachikulu tisankhe malo chifukwa gombe la Mozambique ndi lalitali koopsa, kuposa makilomita 2,000

Aphunzitsi (Domasi): Ngati tikuwoloka boda ndithu ndiye ine pempho langa ndi Ilha de Moçambique. Mundipirire ndilemba zambiri chifukwa malo amenewa ndimawaphunzitsa mkalasi koma ndimangowaona pa zithunzi. Ndi kachilumba kakang'ono ka makilomita ngati 3 mulitali, ku chigawo cha Nampula, ndipo dziko lonse la Mozambique linatenga dzina kuchokera pa kachilumba kameneka. Vasco da Gama anafikapo 1498 napeza Aluya ndi Aswahili akuchita kale malonda pamenepo. Linali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 pamene analisamutsira ku Lourenço Marques komwe pano ndi Maputo. Kuli linga lalikulu la São Sebastião limene anayamba kumanga 1558, mkati mwake muli zitsime zosungira madzi a mvula otsika padenga, ndiye kuseri kwake pamphepete penipeni pa madzi pali katchalitchi koyera ka Nossa Senhora de Baluarte ka 1522. Tangoganizani, tchalitchi cha zaka 500 chidakaima! UNESCO inaika chilumbachi pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991

Aphunzitsi (Domasi): Komanso chimene chimandigwira mtima ine ndi chakuti linali doko la akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda, Amakua ndi Alhomwe ambiri, ankakwezedwa zombo pamenepo osabwereranso. Kuli kamunda kachikumbutso kamene anakakonza pamalo pomwe ankawasunga. Ana athuwa akuyenera kukaima pamenepo aone ndi maso

Adalaiva (Nacala): Asisi akunena zoona, ku Ilha ndi kokongola zedi. Mlatho wolowera ndi wautali kuposa makilomita 3 koma ndi wopapatiza galimoto imodzi basi, mukakumana wina amapatukira pa timalo todikirira, basi yaikulu siwoloka. Mukalowa mumayamba mwadutsa mbali ya Macuti komwe kumakhala anthu ambiri, nyumba zake zili mmunsi mwa msewu chifukwa miyala yomangira tauni ya azungu anaikumba pamenepo, kenako nkufika ku nyumba zamiyala zakalekale. Azimayi akumeneko amadzola mussiro kumaso kuyera mbuu. Chilankhulo ndi Chimakua, agogo ndi Chilhomwe chawo akhoza kumvanako ndithu pamsika

Mzime (Chanco): Basi ndasintha, Cape Maclear idikire, Ilha woyee

Alamu (Sadzi): Adalaiva tiuzeni kutalika kwake musabise

Adalaiva (Nacala): Nkutali alamu sindinama. Kuchoka Zomba kudzera Jali, Phalombe, Chitakale mpaka boda ya Muloza, kuwolokera Milange, kenako Mocuba. Pa Mocuba mpamene njira zimasiyana. Kumanzere mukwera msewu wa N1 kudutsa Alto Molócuè mpaka Nampula, kuchoka Nampula pali enanso makilomita ngati 180 kudzera Namialo ndi Monapo. Ndi agogo mgalimoto amenewo ndi masiku awiri athunthu popita awiri pobwera. Pomwe Quelimane ukachoka pa Mocuba nkuloza kummwera kudzera Nicoadala ndi makilomita ngati 150 basi, titalawirira mbandakucha ndipo paboda osachedwa tikhoza kulowa tsiku lomwelo kusanade

Anti (Matawale): Masiku anayi pamsewu ayi. Ine ndi amene ndimawaperekeza kuchipatala mwezi ndi mwezi, akangokhala pa benchi maola awiri mapazi amafufuma mpaka patapata osalowa, ndimachita kuwathowa ndi madzi ofunda usiku. Ndikukana ndithu

Aphunzitsi (Domasi): Koma anti mwayi ngati uwu subweranso, tikhoza kumapuma pafupipafupi

Amalume (Chinamwali): Mphwanga ndakumva ndipo zimene walemba ndaphunzirapo zambiri. Koma ulendowu mwini wake alipo. Achemwali a kumudzi tawafunsani mayi, awuzeni zonse ziwiri mosakondera, chilumba cha linga kutali ndi Quelimane pafupi

Mayi aang'ono (kumudzi): Dikirani akupemphera

Mayi aang'ono (kumudzi): Ndawauza zonse mpaka ndawaonetsa chithunzi cha tchalitchi chija mwatumiza. Achiyang'ana nthawi yaitali akuti nchokongola. Koma akuti iwo akufuna kukaponda kumene anaponda abambo awo, za malinga a azungu akaone ana asukulu. Akutinso ngati njira ikudutsa ku Milange muwaimitse atsike pang'ono ayang'ane mapiri a kwawo

Aphunzitsi (Domasi): Ndamva. Ngati atero agogo ine ndilibenso mawu, Quelimane

Adalaiva (Nacala): Chabwino koma mudziwiretu kuti tauni ya Quelimane siili panyanja penipeni, ili pa mtsinje waukulu wa Bons Sinais. Nyanja yeniyeni ili ku Zalala, makilomita ngati 30 kuchoka mtauni, msewu wake umadutsa mminda ya kokonati yokhayokha. Gombe la Zalala ndi lathyathyathya lotambalala, nde madzi akathawa amapita kutali zedi mchenga nkukhala wolimba woti agogo akhoza kuyenda ndi ndodo yawo osatitimira. Pa zimene akufuna kuonazo kumeneko nkoyenera kuposa ku Ilha. Madzi ake okha si obiriwira ngati a pa zithunzi, amakhala odera chifukwa cha mitsinje yothira mmenemo

Mzime (Chanco): Mtauni muli choona chanji?

Aphunzitsi (Domasi): Muli tchalitchi chakale cha Katolika cha zaka za mma 1700 mmphepete mwa mtsinje. Komanso David Livingstone anamalizira pa Quelimane ulendo wake wodutsa Africa kuchokera ku Luanda mu 1856, zaka zitatu asanafike kuno ku Chilwa ndi ku Zomba mu 1859. Alamu za mamishoni zija mwazipeza pamenepa

Adalaiva (Nacala): Ndipo makabaza! Mtauni monse ndi njinga zokhazokha kuposa pa Jali tsiku la msika. Chakudya musaphonye nkhuku ya Zambeziana, amaiviika mu mkaka wa kokonati ndi adyo ndi mandimu nkuiotcha pamakala pang'onopang'ono uku akuipakabe, ndi mucapata yophika mpunga ndi mphodza ndi kokonati. Agogo mano alibe ambiri koma mucapata ndi yofewa adya bwino

Anti (Matawale): Tsabola asawaikire chonde. Ufa wawo wa mgaiwa ndinyamula ndekha

Achimwene (Joni): Za chitetezo zili bwanji man? Kuno timangomva za zigawenga

Adalaiva (Nacala): Nkhondo ija ili ku Cabo Delgado kumpoto kwenikweni chakumalire ndi Tanzania, inayamba 2017, chigawo cha Zambézia komwe kuli Quelimane ndi kutali nako. Komabe tizitchera khutu mpaka tsiku lonyamuka ndipo usiku osayenda, limenelo ndi lamulo langa. August ndi nyengo yabwino kulibe mvula kulibe namondwe, kutentha kwake kopiririka

Mayi aang'ono (kumudzi): Namondwe tisamutchule nkomwe, Freddy uja mu March 2023 si anatulukira ku Quelimane komweko asanadzatigwetsere khitchini kuno

Adalaiva (Nacala): Komweko mayi, nchifukwa chake January mpaka March sindingalole. August tili bwino

Alamu (Sadzi): Chabwino ndagonja, tsopano tikambe mapepala. Ndani ali ndi pasipoti yamoyo? Osangoti ndili nayo, itsegulani muone deti

Amalume (Chinamwali): Yanga ilipo. Ya mayi kulibe, sanakhalepo nayo

Anti (Matawale): Yanga inatha chaka chatha

Mzime (Chanco): Ine ndilibe koma border pass sizingatheke?

Adalaiva (Nacala): Ayi border pass ndi yongozungulira pafupi ndi boda, siingakufikitse ku Quelimane, pa ma rodibuloko akakubweza. Pasipoti basi, ndipo mwana aliyense yake. Chabwino nchakuti ife Amalawi viza sitifunika pa ulendo waufupi ngati uwu. Galimoto ikhale ndi blue book, chikalata cha apolisi chotulutsira kunja, inshulansi ya ku Mozambique timagula paboda, ma triangle awiri ndi jekete yowala ija, zimenezi amafunsa kwambiri. Kuyendetsa ndi kumanzere ngati kwathu konkuno

Amalume (Chinamwali): Ndiye pasipoti ya mayi ikhale yoyamba. Achemwali a ku Matawale Lolemba mubwere nawo kutauni akajambulitse, chitupa cha unzika musaiwale, ine ndidzawatenga Lachitatu kukayamba ndondomeko. Zimenezi zimachedwa tisadikire July

Achimwene (Joni): Pasipoti ya agogo ndi ya anti ndilipira ine musaziike mu bajeti. Ndipo ma metical musavutike kusaka kumeneko ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, nditumiza ma rand kwa adalaiva asinthire ku Nacala

Anti (Matawale): Ambuye akudalitse mwanawe

Alamu (Sadzi): Zikomo achimwene mwatipeputsa. Otsalafe tiponye mwezi ndi mwezi kuyambira malipiro ano, Mpamba kapena Airtel Money pa nambala yanga ija, mukatumiza muponye umboni pano pagulu. Ndikawerengera minibasi, mafuta ndi kogona mausiku atatu ndikuuzani mutu uliwonse zingati pofika Loweruka. Ana asukulu theka

Mayi aang'ono (kumudzi): Ine ndalama ndiipeza ndikagulitsa nandolo koma nandolo amacha mochedwa, mundidikire

Amalume (Chinamwali): Inu achemwali simuponya kanthu. Mumawasamala mayi tsiku ndi tsiku, gawo lanu ndatenga ine

Aphunzitsi (Domasi): Amalume pempho limodzi. Agogo akabwerera ndi minibasi, ife achinyamata amene tingakwanitse tingatsikire pa Mocuba nkupitirira ku Nampula ndi ku Ilha patokha ndi ndalama zathu? Sukulu ikhala isanatsegulire

Amalume (Chinamwali): Palibe choletsa bola mukhale ndi adalaiva ndipo mayi akhale atafika kaye pa Muloza bwinobwino. Mukajambule linga ndi katchalitchiko mudzawaonetse

Adalaiva (Nacala): Ndipempha holide ya sabata yonse. Tikawaperekeza mpaka Milange kenako ife nkubwerera

Anti (Matawale): Mankhwala a BP ndikapempha a miyezi iwiri, masikito aliyense anyamule wake kumeneko udzudzu ndi wambiri. Wina apezeko mpando wa pulasitiki wokhala ndi mikono woti akakhalire pagombe, kudikira madzi kuti apite nkubwera ndi tsiku lonse limenelo

Mzime (Chanco): Mpando ndi ambulera ndibweretsa ine. Ndifufuzanso pa intaneti nthawi imene madzi adzathawe masiku amenewo kuti tisadzafike atadzaza

Mayi aang'ono (kumudzi): Akufunsa kuti madziwo akhoza kutungako mubotolo kudzaonetsa anzawo a mvano? Akutinso chitenje cha ulendo chikhale chimodzi banja lonse

Adalaiva (Nacala): Atunge ngakhale chigubu. Chitenje tikagule capulana pa Milange, zimakhala zambiri zosankha

Anti (Matawale): Ayi tigule konkuno mu msika wa Zomba telala asokeretu, pa Milange tikafike titavala kale. Mawa ndiponya zithunzi zitatu musankhe

Amalume (Chinamwali): Zatheka. Kunyamuka sabata yachiwiri ya August, tsiku lenileni tidzatsimikiza pasipoti ya mayi ikatuluka. Amene akupita alembe dzina pansipa pofika Lachisanu kuti alamu adziwe kukula kwa minibasi