Mafayilo a Word akusokonekera pa LibreOffice

Fundi wa pa Lizulu: Akuluakulu, thandizeni. Sukulu ina kuno ili ndi makompyuta akale omwe Windows 11 ikuwakana poti alibe kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0. Windows 10 nayo anasiya kuisamalira mu Okutobala 2025, ndiye m'malo mwa Windows ndaikamo Linux Mint. Koma ahedi akwiya: mayeso a docx omwe anzawo amatumiza, ukawatsegula pa LibreOffice, pulogalamu yolembera ya pa Mint, tsamba limodzi likusanduka awiri, matebulo kusefukira. Mavidiyo a sayansi a MP4 sakuoneka. Akuti pofika Lolemba ndibwezeretse Windows.

Wa ku Bembeke: Aise, ikani Office ya crack, yopanda laisensi ija, mugone tulo. Linux ndi mapatenti a Microsoft simungalimbane nazo.

Mayi wa pa Boma, Ntcheu: Crack pa kompyuta yosunga mayeso ndi malikisi a ana? Ayi achimwene, mavairasi amalowera komweko. Ndipo za docx si nkhani ya patenti, ISO, bungwe loona za miyezo pa dziko lonse, inavomereza mtundu umenewu mu 2008. Chavuta ndi font, mtundu wa zilembo. Word kuyambira ya 2007 inkalemba ndi Calibri, yomwe ili ndi laisensi ya Microsoft ndipo Mint sangaigawe. LibreOffice ikaisowa imatenga ina yonenepa, mizere n'kukankhana. Ikani fonts-crosextra-carlito ndi fonts-crosextra-caladea. Carlito zilembo zake n'zofanana m'lifupi ndi Calibri, Caladea ndi ya Cambria, font inanso ya Microsoft.

Fundi wa pa Lizulu: Zikomo mayi, koma kusukuluko kulibe intaneti, netiweki mpaka ukwere pachulu.

Mayi wa pa Boma, Ntcheu: Dawunilodani mafayilo a ttf muli pamsika pompo, muike pa flash. Kusukulu muwakopere mu /usr/share/fonts, kenako mulembe pa terminal sudo fc-cache -f. Mutseke LibreOffice, mutsegulenso.

Madala a ku Linthipe: Patenti ili pa mavidiyowo mwana wanga. MP4 zambiri mkati mwake muli H.264, yomwe makampani angapo ali nayo mapatenti, n'chifukwa chake poika Mint amakufunsa kaye ngati ukufuna ma codec, timapulogalamu totsegulira mavidiyo ndi nyimbo. Kabokosi kaja munakadumpha. MP3 ilibe vuto, mapatenti ake anatha mu 2017. Nyamulani makina amodziamodzi kofika netiweki, muike mint-meta-codecs ndi VLC.

Wa ku Bembeke: Nanga akatumiza fayilo ya Word yatsopano? Pano ikulemba ndi font ya Aptos, Carlito sathandiza pamenepo.

Madala a ku Linthipe: Apo mwanena zoona. N'chifukwa chake ine ndimawauza aphunzitsi kuti mayeso akatha kulembedwa azitumizirana PDF, sisuntha ngakhale kadontho. Zoti zikonzedwenso azisunga ngati odt, mtundu wa fayilo womwe LibreOffice imagwiritsa ntchito. Imeneyo mwini wake si kampani imodzi, ISO inaivomereza mu 2006, ndipo Word imaitsegula. Vuto ndi kuwazoloweza, ambiri amangodina Save osaona n'komwe.

Fundi wa pa Lizulu: Carlito yagwira, pepala la Form 2 labwerera pa tsamba limodzi. Mavidiyo ndiyesa mawa magetsi akayaka. Ahedi akufunsanso ngati printer yawo ya HP igwira.

Mayi wa pa Boma, Ntcheu: Zambiri za HP zimagwira ndi pulogalamu ya hplip. Tumizani model kaye tione.